Ndikufuna kukaphunzira zamalamulo ku Oxford koma ndikuopa kukanidwa. Ndiponye fomu kapena ndisiye?

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha A-level, mayeso omalizira kusekondale, ndipo aphunzitsi anga akuti ndikhoza kupeza magiredi a A*AA, kutanthauza A* pa phunziro limodzi ndi A pa awiri enawo. Ndikufuna kukaphunzira zamalamulo, ndipo pa fomu ya UCAS, bungwe limene limalandira mafomu ofunsira malo ku mayunivesite a ku UK, ndikuganiza zolemba Oxford, London School of Economics (LSE), University College London (UCL), King's College London ndi Durham. Vuto ndi lakuti masiku ano sindikuona tulo. Ndikamva za anthu okhoza kuposa ine amene anakanidwa, ndimangoona kuti nanenso andikana konse kusanu. Kodi ndichotse Oxford kuti ndisadzipweteke mtima? Nanga akandikana konse, ndiye kuti za uloya zathera pomwepo?

Yankho: Oxford musaichotse. Chofunika kukonza ndi mayina anayi otsalawo, chifukwa momwe mwawasanjiramu mantha anuwo ali ndi maziko, kungoti mazikowo si amene inu mukuwaganizira.

Pa mayunivesite ngati amenewa, kukanidwa ndi kumene kumagwera anthu ambiri, kuphatikizapo okhoza kwambiri. Ofunsira amaposa malo kangapo konse, ndipo pafupifupi aliyense amene fomu yake yafika kwa osankha ali ndi magiredi onga anuwo. Magiredi amangothandiza kuti fomu iwerengedwe, sasankhitsa munthu. N'chifukwa chake nkhani za anthu "okhoza kuposa inu" amene anakanidwa sizikukuuzani zambiri. Mwamva magiredi awo okha. Simunaone zimene anapeza pa LNAT (mayeso olowera ku zamalamulo amene mayunivesite ena amafuna), chimangirizo chimene analemba pa mayesowo, kapena mmene anayankhira pa intavyu, ndipo kumeneko ndi kumene kusiyana kumachitikira.

Tsono taonani mndandanda wanuwo. Mayunivesite onse asanu mwatchulawo amafuna LNAT, ndipo mayeso amenewa amalembedwa kamodzi kokha pa chaka chofunsira. Mukadzuka ndi mutu tsiku limenelo, kapena ndime ziwiri zikakudyerani nthawi, malikisi omwewo adzapita konse kusanu. Pa fomu pakuoneka mwayi usanu, koma wonse wamangidwa pa mmawa umodzi. Vuto lachiwiri ndi la magiredi. LSE, UCL, King's ndi Durham amapempha A*AA, amene ndi magiredi enieni amene aphunzitsi anu akuyembekezera. Oxford imapempha AAA, zimene zimadabwitsa ambiri poti ndi zotsikirapo. Mayankho akabwera, UCAS imakulolani kusunga malo awiri okha: oyamba, amene mukuwafunitsitsa, ndi achiwiri odzitetezera mukapanda kukwanitsa magiredi a oyambawo. Malo odzitetezera amene akufuna magiredi ofanana ndi oyamba, kapena oposa, sakukutetezani chilichonse. Mukatenga Oxford ndi LSE n'kupeza AAB mu Ogasiti, mwaluza konse kuwiri tsiku limodzi.

Mndandanda wabwino ungakhale chonchi: Oxford, kenako awiri mwa anayi aja, kenako mayunivesite awiri amene safuna LNAT, ndipo imodzi mwa iwo ikhale yopempha magiredi otsika ndi sitepe imodzi kapena ziwiri poyerekeza ndi amene mukuyembekezera. Warwick, Leeds, Exeter ndi Queen Mary ndi ena mwa mayunivesite amphamvu pa zamalamulo amene sakhala pa mndandanda wa LNAT, koma mndandandawo umasintha, choncho muonetsetse wa chaka chanu komanso magiredi amene aliyense akupempha. Yunivesite yachisanuyo musailembe mongodzaza mzere. Ikhale malo amene mutapitako simungamadzimve ngati mwatayidwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Ndinenenso ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Mayunivesite saona mayina ena amene mwalemba pa fomu pamene akukuganizirani, ndiye kulemba Oxford sikungakhumudwitse Durham. Komanso simungafunsire Oxford ndi Cambridge m'chaka chimodzi pa digiri yoyamba, mumasankha imodzi. Cambridge imapempha A*AA pa zamalamulo, imafunanso LNAT, ndipo ili ndi fomu yake yowonjezera imene imadzazidwa patangopita masiku ochepa mutatumiza ya UCAS. Mukakopeka ndi Glasgow kapena Edinburgh, dziwani kuti Scotland ili ndi malamulo akeake osiyana ndi a England ndi Wales, ndiye muwerenge bwino dzina la digiri musanailembe.

Masiku ake ndi awa. Fomu imene ili ndi Oxford kapena Cambridge iyenera kufika ku UCAS pofika 15 Okutobala, ndipo iyenera kukhala ndi kalata ya umboni ya aphunzitsi, kotero sukulu yanu idzafuna kuti mumalize kusanafike tsikulo. Kulembetsa LNAT kumatsegulidwa mu Ogasiti, mayeso amayamba mu Seputembala, ndipo ofunsira Oxford ayenera kukhala atalemba pofika pakati pa Okutobala. Chimene chimagwetsa anthu chaka ndi chaka ndi kuchedwa kulembetsa: mayeso amalembedwa pa kompyuta m'malo olembera a kampani ya Pearson VUE, mipando ndi yowerengeka, ndipo masiku oyandikira kumapeto amadzaza msanga. Amene mayeso awo a kusekondale si A-level kapena International Baccalaureate (IB) ayambe ayang'ana ngati satifiketi yawo ikulandiridwa, chifukwa yunivesite iliyonse ili ndi mndandanda wake wa dziko ndi dziko. Ofunika kuonetsa umboni wa Chingerezi adziwe kuti Oxford ndi Cambridge amafuna 7.5 pa mayeso a Chingerezi a IELTS, popanda gawo lotsika kuposa 7.0.

Pa zonse zimene zatsala m'manja mwanu, LNAT ndi imene ingasinthe zinthu kwambiri, ndiye tiikhalire pansi. Mayesowa safunsa malamulo ngakhale pang'ono. Amatenga maola awiri ndi mphindi 15. Gawo loyamba lili ndi ndime 12 zowerenga ndi mafunso 42 osankha yankho, mphindi 95. Mukagawa, ndime iliyonse pamodzi ndi mafunso ake ili ndi mphindi zosakwana 8. Yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, choncho funso lisatsale losayankhidwa. Olemba ambiri amapeza pafupifupi theka la malikisi 42 aja, ndipo ndikunena zimenezi dala, chifukwa wophunzira wozolowera kukhoza pafupifupi chilichonse amagwa mphwayi akayeserera koyamba n'kupeza 22. Pa mayeso awa zimenezo si zachilendo.

Misampha yake ndi yobwerezabwereza. Ndime ikunena kuti "anthu ambiri" amachita zakutizakuti, yankho lina likunena kuti "anthu onse". Ndime ikunena kuti chinthu china "chikhoza" kuyambitsa vuto, yankho likuti "chimayambitsa". Funso likufuna chimene wolemba akungochiganizira osachinena, inu mukusankha chimene wanena poyera chifukwa mwachiona m'ndimemo. Msampha woopsa kwambiri kwa ana okhoza ndi kubweretsa zimene akudziwa kale: yankho likhoza kukhala loona m'dziko lenileni koma ndimeyo sinanene choncho, ndipo limenelo ndi lolakwa. Poyeserera, gwiritsani ntchito mapepala a LNAT enieni amene ali pa intaneti, mudziikire nthawi, ndipo werengani pa kompyuta osati papepala. Ntchito yaikulu ili pambuyo pake. Funso lililonse limene mwalakwa, lembani chifukwa chake m'mawu anuanu: ndinathamanga, sindinaone liwu lakuti "kupatula", ndinasokoneza maganizo a wolemba ndi a munthu amene akumutsutsa. Mukatero kwa milungu ingapo mudzaona kuti zolakwa zanu ndi za mitundu iwiri kapena itatu yokha. Kuyankha mapepala ambirimbiri osabwerera m'mbuyo kumangokhazikitsa zolakwa zomwezo.

Gawo lachiwiri ndi chimangirizo cha mphindi 40, funso limodzi mwa atatu. A LNAT sachichonga. Amachitumiza ku mayunivesite, ndipo aliyense amachipatsa kulemera kwake. Oxford imachiwerenga ndi kuchichonga yokha. Mawu 500 mpaka 600 ndi okwanira. Tiyerekeze kuti funso ndi lakuti kodi boma lizikakamiza nzika zonse kuvota. Chimangirizo chofooka chimandandalika ubwino utatu, kuipa kutatu, n'kumaliza kuti mbali zonse zili ndi mfundo. Champhamvu chimanena m'ndime yoyamba mbali imene chaima, chimapereka zifukwa ziwiri kapena zitatu zomangidwa bwino, kenako chimatenga mfundo yamphamvu kwambiri ya otsutsa, mwachitsanzo yakuti ufulu wovota uyenera kuphatikizapo ufulu wosavota, n'kuiyankha mwachilungamo. Mphindi zisanu zoyamba muzithere pokonza ndondomeko musanayambe kutayipa.

Kalata yodzifotokoza, imene UCAS imaitcha personal statement, ndi imodzi yopita ku mayunivesite onse asanu, ndiye musatchulemo dzina la yunivesite iliyonse. Kuyambira kwa olowa mu 2026 inagawidwa m'mafunso atatu: chifukwa chimene mukufunira phunziroli, mmene maphunziro anu akukonzekeretserani, ndi zina zimene mwachita kunja kwa kalasi. Zonse pamodzi ndi zilembo 4,000 kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo yankho lililonse lisachepere zilembo 350. LSE sichititsa intavyu, kotero kalatayi ndi malo okhawo amene amamva mawu anu. Oxford imadalira kwambiri magiredi, LNAT ndi intavyu, komabe aphunzitsi akhoza kukufunsani chilichonse chimene mwalembamo. Buku limene simunamalize musalitchule.

Osankha atopa ndi makalata oyamba ndi mawu akuti kuyambira ndili mwana ndakhala ndikukonda chilungamo. Chiganizo chimenecho aliyense angalembe. Chimene akufuna kuona ndi maganizo anu akugwira ntchito pa funso lenileni la malamulo. Tengani mlandu wa Donoghue v Stevenson wa mu 1932. Mayi wina ku Paisley, ku Scotland, anamwa chakumwa cha m'botolo losaonekera mkati chimene anamugulira mnzake, ndipo ananena kuti munatuluka nkhono yowola. Poti sanagule yekha, analibe mgwirizano uliwonse ndi wogulitsa, nanji wopanga. House of Lords, imene inali khoti lalikulu la ku UK nthawi imeneyo, inagamula, oweruza atatu kutsutsana ndi awiri, kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kwa amene adzagwiritse ntchito katunduyo, ndipo mmodzi wa atatuwo, Lord Atkin, anafotokoza kuti tiyenera kusamala anthu amene tingathe kuoneratu kuti zochita zathu ziwakhudza. Kufotokoza nkhaniyi kokha sikupindula, chifukwa owerenga kalata yanu amaiphunzitsa chaka chilichonse. Chopindula ndi kunena funso limene inakusiyirani: ngati udindowo ukufalikira kwa aliyense amene tingamuoneretu, malire ake ali pati? Oweruza awiri otsutsa aja ankaopa chiyani, ndipo kodi mantha awo anali opanda pake? Kenako munene chimene munawerenga pofuna kuyankha funsolo, ndi pamene maganizo anu anasintha. Milandu iwiri yoganiziridwa mozama imaposa mayina khumi a mabuku. Zigamulo zambiri zili pa tsamba la pa intaneti la BAILII kwaulere, ndipo Supreme Court ya ku UK imatulutsa chidule cha chigamulo chilichonse komanso imaonetsa milandu yake pa intaneti. Simufunika kukhala kuti munaphunzira Law pa A-level, ndipo kusapeza mwayi wokaonerera ntchito ku ofesi ya maloya sikukuchotserani kanthu ku Oxford.

Mukaitanidwa ku intavyu ya Oxford, imene imachitika mu Disembala ndipo zaka zaposachedwapa yakhala ikuchitikira pa intaneti, dziwani kuti mwadutsa kale sefa yaikulu. Intavyuyo imatsanzira kaphunzitsidwe ka kumeneko, ka mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira awiri kapena atatu. Nthawi zambiri amakupatsani lamulo lalifupi kapena nkhani yongopeka n'kumaisintha pang'onopang'ono. Chitsanzo chodziwika m'maphunziro a zamalamulo ndi ichi: pachipata cha paki pali chikwangwani chakuti galimoto ndi zina zonse zoyenda ndi mateyala n'zoletsedwa. Mphunzitsi akufunsani ngati njinga yakapalasa ikuloledwa. Inu mukuti ayi, poti ili ndi mateyala. Iye akuti, nanga njinga ya munthu wolumala? Mukuti imeneyo iloledwe. Chifukwa chiyani, poti nayonso ili ndi mateyala? Apa mwakakamizika kusiya mawu a lamulo n'kuyamba kufunsa cholinga chake: mwina ndi kuteteza oyenda pansi, mwina ndi kuletsa phokoso. Mukasankha chitetezo, akubweretserani ambulansi yothamangira munthu amene wakomoka pakati pa paki. Mukaloleza ambulansi, akubweretserani galimoto yakale ya nkhondo yopanda injini imene akufuna kuiimika ngati chipilala cha chikumbutso.

Palibe yankho limodzi limene akulidikira. Akumvetsera ngati mukutha kupereka chifukwa, kuona pamene chifukwa chanu chasweka, ndi kuchikonza popanda kutaya zonse. Anthu amagwa m'njira ziwiri. Ena amakakamira yankho loyamba ngakhale aonetsedwa bowo lake, poganiza kuti loya sabwerera m'mbuyo. Ena amasintha maganizo mphunzitsi akangokweza nsidze. Chabwino ndi kunena mokweza kuti, "Ndikuona kuti lamulo ndinaperekalo likuletsanso ambulansi, ndipo sindikufuna zimenezo, ndiye ndiliwongole motere." Kukhala chete masekondi angapo mukuganiza sikulakwa. Mafunso akamakulirakulira, kawirikawiri ndiye kuti akufuna kuona pamene mungafike, choncho mmene mwamvera potuluka si muyeso wodalirika wa mmene zayendera. Poyeserera, pemphani mphunzitsi kapena munthu wamkulu amene simunamuzolowere kuti azikutsutsani kwa mphindi 20 pa nkhani imene simunakonzekere. Oxford ndi Cambridge ndi zogawidwa m'makoleji ambiri, koma za kusankha koleji musataye nazo tulo: mukhoza kufunsira osatchula koleji, ndipo Oxford imasamutsa ofunsira amphamvu kuchoka ku koleji yodzaza kupita ku ina. Cambridge nayo ili ndi dongosolo lotere mu Januwale.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri. Akakukanani konse kusanu, UCAS Extra imatsegulidwa chakumapeto kwa Febuluwale ndipo imakulolani kuwonjezera yunivesite imodzi pa nthawi. Clearing imayamba mu Julayi, ndipo zotsatira za A-level zikatuluka mu Ogasiti mumatha kuimbira mayunivesite amene ali ndi malo muli ndi magiredi enieni m'manja. Mukhozanso kudikira chaka n'kufunsiranso. Njira imeneyi imathandiza amene magiredi awo atuluka bwino ndipo akudziwa chimene chinawagwetsa. Ku Oxford mukhoza kulembera koleji kupempha kuti akuuzeni mmene fomu yanu inayendera. LNAT imalembedwanso, chifukwa malikisi a chaka chatha sagwira ntchito. Amene amangotumizanso kalata yomweyo ndi kukonzekera komweko nthawi zambiri amalandira yankho lomwelo.

Ndipo uloya sudalira dzina la yunivesite imodzi. Ku England ndi Wales, kuyambira mu 2021 munthu amakhala solicitor, loya amene makamaka amalangiza anthu ndi kukonza zikalata, akakhala ndi digiri ya phunziro lililonse, akakhoza magawo awiri a mayeso a uloya otchedwa SQE, akagwira ntchito yovomerezeka zaka ziwiri, komanso akapezeka wa khalidwe loyenera. Wofuna kukhala barrister, loya amene makamaka amaimira anthu m'khoti, amafunika digiri ya zamalamulo, kapena digiri ina ndi kosi yosinthira ku zamalamulo, kenako kosi ya ma barrister yotchedwa Bar, umembala wa limodzi mwa mabungwe awo anayi otchedwa Inns of Court, ndi pupillage, nthawi yophunzira ntchito pansi pa barrister wozolowera, imene kawirikawiri imatenga chaka. Sindikunamizani kuti dzina la Oxford kapena Cambridge lilibe mphamvu. M'makampani akuluakulu a maloya ku London ndi kwa ma barrister a milandu ya zamalonda, omaliza kumeneko ndi ochuluka ndithu. Koma olemba ntchito amayang'ananso kwambiri mmene munakhozera, ndipo First, giredi yapamwamba kwambiri ya digiri, ya ku yunivesite ina yabwino imatsegula makomo ambiri. Oxford yomweyo ili ndi BCL, Cambridge ili ndi LLM, madigiri apamwamba a amene anamaliza kale zamalamulo, ndipo onse awiri amalandiranso anthu amene ali kale ndi digiri ina kuti achite zamalamulo m'zaka ziwiri. Ngati mukufuna kudzagwira ntchito kunja kwa England ndi Wales, fufuzani msanga zimene bungwe loyang'anira maloya m'dzikolo limafuna kwa obwera ndi digiri yakunja.

Amene akuyang'ana ku America adziwe kuti kumeneko zamalamulo zimaphunziridwa munthu atamaliza digiri yoyamba. Digiri yake ndi JD, ya zaka zitatu, ndipo mayeso olowera ndi LSAT, amene malikisi ake amayambira 120 kufika 180. Yale imatenga ophunzira pafupifupi 200 pa chaka, Harvard oposa 500. Palibe malire a masukulu asanu ngati a UCAS, LSAT ikhoza kulembedwanso, ndipo masukulu ambiri amawerenga mafomu momwe akufikira, ndiye kutumiza msanga kumathandiza. Kwa inu amene muli pa A-level, khomo limenelo likadali zaka zingapo kutsogolo, ndipo kukanidwa ku Oxford chaka chino sikulitseka.

Nthawi yovuta kwambiri ndi yodikira. Oxford imayankha mu Januwale, koma LSE, UCL ndi King's kawirikawiri amadikira kuti aone mafomu onse ofika pofika Januwale, kotero mayankho ena amabwera mu Malichi, Epulo, ngakhale Meyi. Kukhala chete kwawo si kukana, ndiponso mnzanu akalandira yankho inu musanalandire sizitanthauza kanthu. UCAS imatumiza imelo pakakhala kusintha kulikonse, ndiye palibe chifukwa chotsegula akaunti yanu ola lililonse. Makolo ndi aphunzitsi muwafotokozere mndandanda wanu pasadakhale, kuti awa atatu ndi ovuta kulowa ndipo awa awiri ndi odalirika, kuti tsiku la yankho loipa musadzasenze ntchito yotonthoza ena. Ngati kusowa tuloko kwapitirira milungu ingapo kapena kwayamba kukulepheretsani kudya ndi kuwerenga, lankhulani ndi mlangizi wa kusukulu kapena dokotala, musadikire Januwale.

Chinthu chimodzi chimene chimawononga anthu m'miyezi imeneyi ndi kulekerera A-level. Malo alionse amene mungapatsidwe adzakhala odalira magiredi a mu Ogasiti, ndipo magiredi omwewo ndi amene mudzagwiritse ntchito pa Clearing kapena pofunsiranso chaka chamawa. Mukangomaliza LNAT ndi kutumiza fomu, maola amene munkathera pa zimenezo abwerere ku phunziro limene A* yanu ikukayikitsa.